Kupeza Ngalande Zonse za M'mizu ya Mano Otafunira a M'munsi

Dzino lotafunira la m'munsi likayambanso kupweteka patapita miyezi ingapo chitsukireni mizu yake, ambiri timathamangira kuganiza kuti mwina lang'aluka, kapena kuti chomatira cha pamwamba chasiya kugwira. Zimenezi zimachitika ndithu, koma nthawi zambiri chimene chavuta n'chakuti m'dzinomo munatsala ngalande imodzi imene chida sichinalowemo n'komwe, ndipo mnofu wakufa umene unali m'menemo wasanduka chakudya cha tizilombo. Mu 2016 Karabucak ndi anzake ku Philadelphia anaunika zithunzi za CBCT, X-ray yoonetsa dzino mbali zonse, za mano otsukidwa kale mizu, ndipo anapeza kuti dzino lotsala ndi ngalande yosatsuka linali ndi mpata wokhala ndi chotupa kunsonga kwa muzu kuposa kanayi poyerekeza ndi dzino limene ngalande zake zonse zinapezeka. Ndikulembera inu amene mumagwira ntchito imeneyi ndi inu amene mukuiphunzira, ndipo chimene ndikupempha n'chakuti musakhutire msanga ndi ngalande zimene mwaziona, mpaka dzinolo litakusonyezani kuti palibenso ina.

Kuti timvane bwino, ndikanena kutsogolo ndikutanthauza mbali yoyang'ana ku mano apakati, imene mabuku amaitcha mesial, ndipo kumbuyo ndi mbali imene amaitcha distal. Mbali ya ku tsaya ndiyo buccal, ya ku lilime ndiyo lingual. Chipinda ndi mphako ya pakati pa mutu wa dzino mmene mumakhala mnofu, mitsempha ndi minyewa, makomo ndi malo amene ngalande zimayambira pansi pa chipindacho, ndipo mphanda ndi pamene mizu imasiyanirana.

Dziwani kaye zimene zimapezeka kawirikawiri

Dzino lotafunira loyamba, limene pa kawerengedwe ka mano ka padziko lonse ka FDI ndi 36 kumanzere ndi 46 kumanja, limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, ndipo mizu yake imamaliza kukula pa zaka 9 kapena 10. Poti limabwera msanga chotero, makolo ena akuliyesa limodzi mwa mano a ubwana amene amaguluka okha, limaola msanganso, ndipo n'chifukwa chake lili m'gulu la mano amene amatsukidwa mizu kwambiri. Mwachizolowezi lili ndi mizu iwiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo, ndipo kutalika kwake konse ndi mamilimita pafupifupi 21. Mu 2010 de Pablo ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 41 zokhudza mano otere oposa 18,000, ndipo anapeza kuti mano 61 pa 100 alionse anali ndi ngalande zitatu, pafupifupi 36 anali ndi zinayi, ndipo limodzi linali ndi zisanu, pamene mano 13 pa 100 anali ndi muzu wachitatu. Izi zikutanthauza kuti pa mano atatu alionse amene mungatsegule, limodzi lili ndi ngalande zinayi, ndiye amene wakhala akupeza zitatu zokhazokha chaka chonse ayenera kudzifunsa kumene zinazo zikutsalira.

Kuchuluka kwa makomo sikukuuzani kuchuluka kwa mabowo a kunsonga. Frank Vertucci anasonyeza zimenezi mu 1984 pamene anathira utoto m'ngalande za mano 2,400, n'kuwayeretsa ndi mankhwala mpaka m'kati mwake mukuoneka, ndipo anagawa kayendedwe ka ngalande m'mitundu isanu ndi itatu. Mtundu woyamba ndi ngalande imodzi kuyambira pakhomo mpaka kunsonga. Wachiwiri ndi ngalande ziwiri zimene zimakumana zisanatuluke. Wachitatu ndi imodzi imene imagawikana kenako n'kukumananso. Wachinayi ndi ziwiri zoyenda payokhapayokha mpaka kunsonga. Wachisanu ndi imodzi imene imagawikana pafupi ndi nsonga n'kutuluka pawiri. Mitundu yotsalayo ndi yogawikana ndi kukumana mobwerezabwereza, kapena ya ngalande zitatu zosiyana. M'muzu wakutsogolo wa dzino loyamba, kuposa theka la mano ali ndi mtundu wachinayi ndipo pafupifupi limodzi pa atatu lili ndi wachiwiri, pamene m'muzu wakumbuyo mtundu woyamba ndiwo wochuluka. Mtundu umene ine ndimauopa kwambiri ndi wachisanu, chifukwa pakhomo umaoneka wosavuta, ndipo fayilo, kachida kowonda kotsukira ndi kukulitsira ngalande, imalowa nthambi imodzi mosangalatsa inayo n'kutsala osadziwika.

Pakati pa ngalande ziwiri za muzu umodzi pamakhala kawirikawiri kampata kopyapyala kozilumikiza, kamene mabuku amakatcha isthmus, ndipo m'muzu wakutsogolo kamapezeka pa mano oposa theka. Zimenezi sizachilendo kwa odziwa mbiri ya ntchitoyi, pakuti Walter Hess wa ku Zürich, amene ntchito yake inatuluka m'Chingelezi mu 1925, anadzaza mphira m'ngalande n'kusungunula mano, ndipo zimene zinatsala zinkaoneka ngati mizu ya mtengo yolukanalukana osati mapaipi oongoka. Msinkhu wa wodwala nawonso umasintha zinthu. Mwa mwana, muzu wakutsogolo umakhala ndi mphako yaikulu yophwatalala, ndipo pamene zaka zikupita dentine yatsopano, gawo lolimba lozungulira chipinda ndi ngalande, imamera pakati n'kuigawa kukhala ngalande ziwiri kapena zitatu ndi timipata tozilumikiza. Mwa okalamba chipinda chimafupika, denga limayandikira pansi, ndipo makomo amatha kuphimbika ndi timiyala tolimba.

Dzino lachiwiri, 37 kapena 47, limamera pa zaka pafupifupi 12, ndipo ndi lalifupiko pang'ono. Mizu yake imayandikana, nthawi zina n'kumatirirana kukhala muzu umodzi, makomo ake akutsogolo amakhala pafupi kwambiri, ndipo limatha kukhala ndi ngalande ziwiri zokha kapenanso imodzi yaikulu. Dzino lomaliza, 38 kapena 48, lilibe kapangidwe kodalirika, ndipo lililonse muziliona ngati lachilendo.

Chithunzi chimodzi sichikwanira

Chithunzi cha X-ray chojambulidwa molunjika chimaunjika mbali ya ku tsaya pamwamba pa ya ku lilime, ndipo ngalande zambiri zimene timaphonya zimabisala ndendende m'kuunjikana kumeneku. Choncho musanayambe ntchito jambulani zithunzi ziwiri, china molunjika ndi china mutasunthira mutu wa makina kutsogolo kapena kumbuyo madigiri 20 mpaka 30. Powerenga chachiwiricho tsatirani njira imene Charles Clark anafotokoza mu 1910: chinthu chimene chili ku lilime chimasunthira kumene makina asunthira, ndipo chimene chili ku tsaya chimasunthira mbali inayo. Mukasunthira makina kutsogolo, ngalande imene yaonekera kutsogolo pa chithunzi ndi ya ku lilime. Pa dzino loyamba kusunthira kutsogolo kumathandiza kwambiri, chifukwa kumalekanitsa muzu wachitatu ndi muzu wakumbuyo umene unkauphimba.

Musayang'ane ngalande zokha. Tsatani mzere wakuda umene umazungulira muzu uliwonse, kuyambira pakhosi pa dzino mpaka kunsonga n'kubwerera. Mzerewo ukaoneka wowirikiza, kapena mukaona mthunzi wina ukudutsa pa muzu wakumbuyo, ganizirani muzu wina kapena muzu wokhala ndi chigwa chakuya. Ngalande yooneka bwino ikazimiririka mwadzidzidzi pakati pa muzu, kawirikawiri siinatsekeke ayi, koma yagawikana kukhala ziwiri zazing'ono zimene chithunzi chikulephera kuonetsa. Pa dzino lachiwiri, mizu yosongoka yomatirirana yokhala ndi mzere wofiyira pakati, komanso pansi pa chipinda posaoneka bwino, ndi chenjezo la ngalande yozungulira imene ndiifotokoza pambuyo. Ndipo pa chithunzi choyezera kutalika, fayilo ikakhala pambali m'malo mokhala pakati pa muzu, mbali yotsalayo ikhoza kukhala ndi ngalande ina.

Makina a CBCT, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mano kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, amaonetsa muzu ngati wadulidwa m'magawo, ndipo mukhoza kuwerenga ngalande pa msinkhu uliwonse. Komabe amapereka cheza chochuluka kuposa chithunzi wamba, choncho mabungwe monga American Association of Endodontists ndi European Society of Endodontology amalangiza kuti agwiritsidwe ntchito pa malo ochepa okha, ndiponso pamene zithunzi wamba zasiya funso limene yankho lake lingasinthe chithandizo. Kumene makinawa kulibe, maso ndi zala zimagwirabe ntchito yaikulu. Yang'anani mutu wa dzino ngati uli ndi kachulu koonjezera kapena ngati watukumuka kumbuyo cha ku lilime, ndipo yendetsani chida choyezera nkhama mozungulira khosi la dzino kuti mumve ngati pali chotumphuka chachilendo.

Kutsegula dzino ndi kuwerenga pansi pa chipinda

Ikani mphira wotchinga dzino musanatsegule, chizolowezi chimene Sanford Barnum anayambitsa mu 1864 ndipo mpaka lero palibe chochilowa m'malo, kenako chotsani zoola zonse ndi chomatira chilichonse chokayikitsa. Kumbukirani kuti mutu wa dzino lotafunira la m'munsi umapendekera ku lilime poyerekeza ndi mizu yake, ndiye chobowolera chikaimitsidwa molunjika osatsatira kupendekeraku chimatha kutulukira m'mbali. Ngati dzino linavekedwa chisoti chopanga, musakhulupirire maonekedwe ake, chifukwa wopangayo ankakonza kalumidwe osati kutsatira mizu. Dalirani khosi la dzino, pamene enamel, chikuto cholimba cha mutu wa dzino, imathera, pakuti pa msinkhu umenewu chipinda chimakhala pakati penipeni ndipo makoma ake amatsatira mawonekedwe a kunja. Deutsch ndi Musikant atayeza mano mu 2004 anapeza kuti kuchokera pa kachulu kufika padenga la chipinda ndi mamilimita pafupifupi 6, chipindacho kutalika kwake sikufika mamilimita 2, ndipo kuchokera pansi pa chipinda kufika pa mphanda ndi mamilimita pafupifupi 3 okha. Mukafika mamilimita 7 osamva chobowolera chikugwera m'mphako, imani ndi kujambula.

Mabuku akale ankaphunzitsa kuboola pamwamba pa dzino khomo lolowera la makona atatu, lotambalala kutsogolo ndi losongoka kumbuyo, ndipo khomo loterolo ndilo labisa ngalande zachinayi zosawerengeka. Tsegulani la makona anayi, lotambalala kutsogolo koma losapanikizika kumbuyo, ndipo chotsani denga lonse mpaka makoma atsetsereke opanda mkombero wotsala. Sindikulimbikitsa kugumula dzino mopanda chifundo, pakuti dentine iliyonse imene mwachotsa pakhosi imachepetsa mphamvu yake potafuna. Koma kakhomo kakang'ono kokongola kamene kasiya ngalande yoola m'kati sikanapulumutse dzino limenelo.

Denga likachoka, ikani chobowolera pambali, tsukani, umitsani, ndipo yang'anani. Paul Krasner ndi Henry Rankow atafufuza zipinda 500 anafotokoza mu 2004 zinthu zingapo zimene ndikufuna wophunzira aliyense aziloweze. Pansi pa chipinda pamakhala pakuda kuposa makoma, ndiye ngati mukuona poyera simunafike pansi, kapena mwapitirira. Makomo amakhala pamene khoma likumana ndi pansi, makamaka m'makona, ndipo mizere yakuda imene imayenda pansipo imathera pa makomo, moti kuitsatira kuli ngati kulondola mapazi. Chofunika kuposa zonse pa mano a m'munsi n'chakuti makomo amakhala molingana: mukalingalira mzere wodutsa pakati pa chipinda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, khomo limene lili lokha liyenera kukhala pa mzerewo, ndipo khomo limene lili pambali pa mzerewo lili ndi linzake mbali inayo pa mtunda wofanana.

Zonsezi zimafuna kuwala ndi magalasi okulitsa, ndipo amene ali ndi maikulosikopu amaona zimene maso okha sangaone. Chida chosongoka cha DG16 chimakola pamene pali khomo lobisika. Timiyala ndi timashelefu ta dentine tichotsedwe ndi kansonga konjenjemera ka makina a ultrasonic, kamene kamadya pang'onopang'ono ndipo sikatchinga maso monga mutu wa chobowolera. Dontho la utoto wa methylene blue likathiridwa n'kutsukidwa limatsalira m'makomo ndi m'mizere. Mukasiya mankhwala otsukira a sodium hypochlorite m'chipinda mutatsuka kale ngalande zodziwika, tithovu tikapitiriza kutuluka pamalo amodzi, pamenepo pali mnofu umene ukusungunuka. Pa dzino lamoyo, kadontho ka magazi kobwerabwera pamalo amene mwapukuta kamanena zomwezo, ngakhale kuti muyenera kutsimikiza ndi makina oyezera kutalika kuti si bowo limene mwaboola nokha.

Muzu wakutsogolo

Mukapeza khomo la ku tsaya ndi la ku lilime, musachoke msanga pa mzere umene uli pakati pawo. M'menemo mumatha kukhala ngalande yachitatu, imene Vertucci ndi Williams anaifotokoza mu 1974, ndipo Pomeranz ndi anzake mu 1981 anasonyeza kuti imatha kukhala kampata chabe, kapena kuyamba payokha n'kukalowa mu ina, kapena kuyenda payokha mpaka kunsonga, ngakhale kuti yotereyi ndi yosowa. Zofufuza zakale zinkaipeza pa mano ochepa kwambiri, koma ofufuza atayamba kukumba mzerewo pansi pa maikulosikopu chiwerengero chinakwera, ndipo imapezeka kwambiri mwa achinyamata. Chotsani kashelefu ka dentine kamene kamaphimba mzerewo kuchokera ku khoma lakutsogolo, kenako kumbani ndi ultrasonic osapitirira mamilimita 2, mukukankhira kutsogolo nthawi zonse osati ku mphanda. Yesani ndi fayilo ya nambala 8 kapena 10 yopindidwa pang'ono kunsonga. Ikalowa, ikulitseni pang'ono chabe, chifukwa ili pamalo opyapyala kwambiri a muzuwo.

Kupyapyalaku kumafuna kufotokozedwa bwino. Muzu wakutsogolo uli ndi chigwa mbali yoyang'ana ku mphanda, ndipo mamilimita ochepa pansi pa mphandayo khoma limatha kukhala la milimita imodzi yokha. Muzuwo umapindikiranso kumbuyo, ndiye fayilo yolimba imafuna kuongoka n'kumadya khoma lopyapyalalo mpaka kuling'amba m'litali, bala limene ndi lovuta kulikonza ngakhale ndi MTA, simenti yotsekera mabowo a muzu. Abou-Rass, Frank ndi Glick analangiza mu 1980 kuti fayilo izikankhidwira ku makoma okhuthala, kutali ndi mphanda, ndipo langizo limeneli likugwirabe ntchito ngakhale pa mafayilo a nickel-titanium oyenda ndi makina. Kumbukiraninso kuti ngalande zimenezi zimapindikira ku tsaya ndi ku lilime, kupindika kumene chithunzi wamba sichionetsa.

Kuti mudziwe ngati ngalande ziwirizo zimakumana, ikani gutta-percha, kamtengo konga mphira kodzazira ngalande, mu imodzi mpaka kunsonga, lowetsani fayilo yaing'ono mu inayo, kenako tulutsani gutta-percha n'kuyang'ana ngati fayilo yasiyapo chipsera. Zikakumana, konzani yoongoka kwambiri mpaka kunsonga, imene kawirikawiri ndi ya ku lilime, ndipo inayo ifike pokumanirapo, chifukwa kukakamiza fayilo kudutsa pa ngodya imeneyo ndiko kumathyola zida.

Muzu wakumbuyo ndi muzu wachitatu

Ngalande yakumbuyo ikakhala imodzi imakhala yaikulu, yophwatalala kuchokera ku tsaya kupita ku lilime, ndipo khomo lake limakhala pakati. Fayilo ya nambala 25 ikagwira molimba m'menemo, kapena ikapendekera mbali imodzi, funani yachiwiri. Ngakhale ikhale imodzi, fayilo yozungulira imakhudza pakati pokha n'kusiya m'mbali, choncho iyendetseni mopukuta makoma onse, ndipo yesani ndi fayilo yopindidwa kuti mumve ngati pali nthambi pafupi ndi nsonga.

Muzu wachitatu umene umamera kumbuyo cha ku lilime unafotokozedwa koyamba ndi Georg Carabelli mu 1844, ndipo umatchedwa radix entomolaris. Umene umamera cha ku tsaya, wosowa kwambiri, ndi radix paramolaris. Kupezeka kwa radix entomolaris kumatsata mtundu wa anthu: mwa anthu a ku Ulaya ndi a mu Africa sufika mano 5 pa 100, koma mwa anthu a ku China, Korea ndi Taiwan, komanso a mtundu wa Inuit ndi eni nthaka a ku America, umatha kufika 20 kapena 30 pa 100. Ziwerengerozi zikuthandizeni kukhala tcheru, koma zisakupangitseni kunyozera, pakuti wodwala amene wakhala pampando wanu akhoza kukhala mmodzi mwa ochepawo. Khomo la ngalande ya muzu umenewu limakhala kutali ku lilime kuposa mmene mungayembekezere, kawirikawiri pansi pa kashelefu ka dentine, ndiye tambasulani khomo la dzino kulowera ku kona imeneyo mukutsatira mzere wakuda wa pansi.

Muzu umenewu ndi wonyenga. Pa chithunzi umaoneka woongoka, koma De Moor ndi anzake anasonyeza mu 2004 kuti ambiri amapindika pakhomo pomwe, ndipo ena amapindikanso kachiwiri kulowera ku tsaya pakati kapena pafupi ndi nsonga. Umakhalanso waufupi ndi woonda kuposa muzu wakumbuyo. Yambani mwa kuongola polowera, tsegulani njira ndi mafayilo a m'manja a nambala 8 ndi 10 mpaka aziyenda momasuka, yezani kutalika ndi makina ndipo bwerezani kuyeza mutakulitsa gawo lapamwamba, chifukwa ngalande yopindika imafupika ikaongoka. Gwiritsani ntchito mafayilo ofewa osanenepa msanga, ndipo musaumirire kuukulitsa mofanana ndi mizu inayo.

Ngalande yooneka ngati chilembo C

Dzino likamakula, kachikopa kamene kamaumba mizu, kotchedwa dzina la Hertwig, kakalephera kulumikizana mbali imodzi, mizu imamatirirana mbali ina n'kusiya chigwa chakuya mbali inayo, kawirikawiri ku lilime. Zotsatira zake ndi muzu umene ukadulidwa umaoneka ngati chilembo C, ndipo ngalande yake imatsatira mawonekedwe omwewo. Cooke ndi Cox ndiwo anafotokoza kachiritsidwe kake mu 1979, Melton ndi anzake anaigawa m'magulu mu 1991, ndipo Fan ndi anzake anakonzanso magulu amenewo mu 2004 atayang'ana mano ndi micro-CT, makina a X-ray oonetsa tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa dzino lozulidwa. Imapezeka makamaka pa dzino lachiwiri, ndipo mwa anthu a ku China ndi Korea imafika dzino limodzi pa atatu, pamene mwa anthu a ku Ulaya ndi yochepa kwambiri.

Pansi pa chipinda pamakhala pakuya kuposa mwachizolowezi, ndipo mumaona mzere umodzi wokhota wosadukiza, kapena mzere wokhota ndi khomo limodzi lapadera kutsogolo cha ku lilime, kapena makomo awiri kapena atatu olumikizidwa ndi kampata. Chimene Fan anatsindika n'chakuti mawonekedwe a pakhomo sapitirira mpaka kunsonga: C yathunthu pamwamba imatha kugawikana pakati n'kukumananso pansi. Fayilo yolowetsedwa pakati pa mzerewo imatha kuoneka pa chithunzi ngati yaboola mphanda pomwe ili m'ngalande, ndipo makina oyezera kutalika ndiwo angakukhazikeni mtima pansi. Kutuluka magazi kosalekeza ndi ululu wosatha pakati pa maulendo a wodwala kawirikawiri zimachokera ku mnofu wotsala m'kampata.

Pano fayilo imachita zochepa ndipo mankhwala amachita zambiri. Khoma loyang'ana ku chigwa limatha kukhala lochepera milimita imodzi, ndiye konzani ngalande zazikulu zokha, yendetsani mafayilo aang'ono a m'manja m'kampata mukukankhira ku khoma lakunja, ndipo musalowetse zobowolera za Gates-Glidden m'kampatamo.

Pali mtundu winanso umene mungakumane nawo, wa dzino la chipinda chachitali kwambiri ndi mizu yaifupi, limene Arthur Keith mu 1913 analitcha taurodont poliyerekeza ndi dzino la ng'ombe. Makomo ake amakhala pansi kwambiri, mnofu ndi wochuluka ndipo umatulutsa magazi ambiri, choncho sungunulani mnofuwo ndi mankhwala poyamba, makomo muwafune pambuyo.

Kutsuka ndi kudzaza malo amene chida sichifika

Ngakhale m'ngalande wamba, zofufuza za micro-CT zasonyeza kuti gawo lalikulu la khoma, nthawi zambiri lopitirira limodzi mwa magawo atatu, silikhudzidwa ndi fayilo, ndipo choipa china n'chakuti fayilo yoyenda ndi makina imakankhira zinyenyeswazi m'timipata. Sodium hypochlorite ndiyo imasungunula mnofu ndi kupha tizilombo, koma imafuna nthawi ndi kusinthidwa pafupipafupi, ndipo imalowa bwino m'timipata ikagwedezedwa ndi ultrasonic kapena ndi gutta-percha yoyendetsedwa m'mwamba ndi pansi. Pomaliza thirani mankhwala a EDTA a 17 peresenti kwa mphindi imodzi kuti achotse utoto wa dentine wophimba makoma. Singano ikhale yotulutsira m'mbali, isagwire m'ngalande, ndipo ikhale mamilimita 2 kapena 3 kuchokera kunsonga, makamaka pa dzino lachiwiri limene nsonga zake zimayandikana ndi mtsempha waukulu wa m'nsagwada. Mankhwala kapena chomatira zikafika pa mtsempha umenewu, wodwala amatha kuchita dzanzi pamlomo kwa nthawi yaitali. Ngati ngalande ikukana kuuma kapena mukukayika kuti ina yatsala, ikani mankhwala opha tizilombo a calcium hydroxide, tsekani bwino, ndipo mudzayang'anenso pa ulendo wina, chifukwa pansi pa chipinda pamene payeretsedwa ndi mankhwala pamaonetsa zambiri kuposa tsiku loyamba.

Podzaza, gutta-percha yozizira imodzi siingatseke ngalande yophwatalala kapena ya C. Njira yofewetsa gutta-percha ndi moto n'kuikankhira pansi, imene Herbert Schilder anafotokoza mu 1967, imalowetsa chodzazira m'timipata, koma pa makoma opyapyala chepetsani mphamvu ndi kutentha. Pa ngalande zokumana yesani gutta-percha zonse pamodzi musanamate, ndipo yambani ndi imene ikufika kunsonga. Matani pansi pa chipinda ndi chomatira chogwira bwino, pakuti pamenepo pamatha kukhala timabowo totulukira ku mphanda, ndipo ngati pakufunika chichiri chothandizira chisoti, chiikeni m'ngalande yakumbuyo osati m'muzu wakutsogolo, wachitatu kapena wa C.

Jambulani chithunzi chomaliza mopendeketsa monga munachitira poyamba, kuti muone ngati chodzazira chili pakati pa muzu uliwonse. Lembani m'kaundula wa wodwala kuchuluka kwa mizu ndi ngalande, malo a makomo, kutalika kwa iliyonse ndi pamene zinakumana, ndipo muuzeni wodwalayo zimene mwapeza, chifukwa muzu wachitatu ndi ngalande ya C zimapezeka kawirikawiri mbali zonse ziwiri za nsagwada, ndipo amene adzatsegule dzino la mbali inayo adzayamba akudziwa kale poyang'ana. Muitaneni abwere patatha chaka kuti mudzajambulenso, ndipo ngati panali chotupa pitirizani kumuona mpaka zaka zinayi, monga mmene European Society of Endodontology imalangizira. Chotupa chikakhala mbali imodzi ya muzu ndipo sichikuchepa, tengani zithunzi zakale, yang'anani mbali imeneyo, ndipo mukatsegulanso dzinolo yambirani kufuna pa kona ya chipinda imene ili pamwamba pake.